Womasulira Asasite Ziganizo za Chamoiseau

Mayunivesite ambiri ku Ulaya ndi ku America amakweza mphunzitsi paudindo akalemba kafukufuku wokhudza mabuku a ku Martinique, Guadeloupe ndi Haiti. Koma akamasulira buku lathunthu, amati ndi ntchito yapambali. Zimenezi zimandinyansa. N'chifukwa chake akatswiri ofotokoza maganizo a wolemba mabuku Édouard Glissant achuluka, pomwe odziwa kusamutsa chiganizo chimodzi cha Patrick Chamoiseau osachipundula ndi owerengeka.

Chamoiseau amalemba m'Chifalansa, koma khutu lake limamvera Chikiliyo cha ku Martinique. M'buku lake Texaco, lomwe linapata mphoto ya Goncourt mu 1992, gogo Marie-Sophie Laborieux amasimba mbiri ya mudzi wa zisakasa umene anthu osauka anamanga pafupi ndi matanki a mafuta ku Fort-de-France. Ziganizo za gogoyu zimatalika, zimakhota, zimabwerera pamene zadutsa kale, ndipo zimapumira pamene wokamba nthano amapumira podikira "tilitonse". Luso lonse lagona pa kupumako. Womasulira wamantha amadula chiganizo choterocho patatu, n'kuika mpumiro pamene galamala ya kusukulu ifuna. Nkhani imatsala yonse, inde, koma gogo uja sakumvekanso. Rose-Myriam Réjouis ndi Val Vinokurov, amene anamasulira bukuli m'Chingerezi mu 1997, ndimawavulira chipewa chifukwa analola Chingerezi chawo kupindika motsata mawu a mayiyo. Mukaliwerenga mokweza, lilime limapunthwa mwa apo ndi apo, ndipo likuyenera kupunthwa: Mfalansa wa ku Paris nayenso amapunthwa powerenga Chamoiseau.

Njira zinazo sindizitayira nthawi. Kuika Chingerezi cha ku Jamaica paliponse pamene pali Chikiliyo n'kusamutsa anthu pachilumba chawo. Kudzaza m'munsi mwa tsamba ndi mafotokozedwe n'kusandutsa buku la nthano kukhala kalasi. Chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi amene amakonda mafotokozedwewa ndi omwewo amene amaphunzitsa Poétique de la Relation ya Glissant ya 1990, momwe iye amaumirira kuti munthu ali ndi ufulu wosamvetsetseka kotheratu!

Kale ena ankadziwa kuti ntchitoyi imafuna khutu. Pomasulira Gouverneurs de la rosée ya Jacques Roumain wa ku Haiti, yomwe inatuluka m'Chingerezi mu 1947, Mercer Cook, katswiri wa Chifalansa, anagwirira limodzi ndi mlakatuli Langston Hughes.