Cholakwa ndi Chosiyana: Phunziro la Buku la GNU Make kwa Okonza Mabuku a Chinyanja m'Boma la Chongwe

1.0 Mawu Oyamba

Palibe buku limene linatulukapo m'nyumba yosindikizira lopanda chilema. Chimene chimasiyanitsa mabuku ndi zimene zimachitika wowerenga akachipeza chilemacho: kodi ali nako kokanena, nanga akanena, mawu ake amafika m'buku losindikizidwanso? Pepala lino likuunika mwambo wolandira ndi kukonza zolakwa umene unakhazikika pakati pa olemba mabuku a malangizo a zamakompyuta, makamaka ofotokoza pulogalamu ya make, kenaka likuyeza mwambowo pa mabuku a Chinyanja ophunzitsira m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Mfundo yathu ndi yakuti mwambowu ndi woyenera kuutengera, koma sungatipindulire tisanagwirizane za chimene tikutcha cholakwa m'chiyankhulo chimene chimalembedwa m'njira ziwiri.

2.0 Pulogalamu ya Make ndi Mabuku Ake

Pulogalamu ya make inalembedwa ndi Stuart Feldman ku Bell Labs m'chaka cha 1976. Ntchito yake ndi kulumikiza tizigawo ta pulogalamu yaikulu motsata malamulo amene munthu walemba m'fayilo yotchedwa Makefile, ndipo imakonzanso tizigawo tokhato timene tasintha. Lamulo lake lodziwika kwambiri ndi lakuti mzere uliwonse wolamula kompyuta uyambe ndi chizindikiro cha tab. Papepala chizindikirochi chimangooneka ngati mpata, kotero wophunzira amene akukopera chitsanzo cha m'buku akhoza kuika mipata wamba, pulogalamu n'kukana kugwira ntchito. Feldman mwini wake anavomera pambuyo pake kuti lamuloli silinali labwino, koma analisiya chifukwa anthu ena anali atayamba kale kuligwiritsa ntchito.

M'mabuku otere kadontho kamodzi kakasochera, wowerenga amataya tsiku lathunthu. N'chifukwa chake buku la malangizo la GNU Make, limene analemba Richard Stallman, Roland McGrath ndi Paul Smith, lili ndi gawo lophunzitsa wowerenga kanenedwe ka zolakwa, ndipo limawerengera ngakhale kusamveka bwino kwa malongosoledwe ngati cholakwa cha bukulo. Kampani ya O'Reilly, imene inasindikiza buku la Robert Mecklenburg lotchedwa Managing Projects with GNU Make mu 2004, imasunga mndandanda wa zolakwa za mabuku ake m'magawo awiri, zimene owerenga angonena ndi zimene wolemba watsimikiza, ndipo imasiyanitsa cholakwa chachikulu cha luso ndi kuphonya kwa zilembo. Donald Knuth anafika popereka mphotho ya madola 2.56 kwa munthu woyamba kupeza cholakwa m'mabuku ake, ndipo mu 1989 anafalitsa nkhani yosanthula zolakwa za pulogalamu yake ya TeX m'magulumagulu.

Mwambowu uli ndi zofooka zake. Mndandanda wa zosatsimikizidwa ukhoza kukhala nthawi yaitali wolemba osauyankha, ndipo mwini buku losindikizidwa kale sadziwa za kukonzako pokhapokha akafufuze yekha. Komabe mizati yake itatu ndi yolimba: wowerenga ali nako kokanena, zonena zake zimayesedwa, ndipo zotsatira zake zimaikidwa poyera.

3.0 Chinyanja cha m'Kalasi ku Chongwe

Boma la Chongwe ndi dziko la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Chisoli sichili m'gulu la ziyankhulo 7 zimene boma la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu, zomwe ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chigawo cha Lusaka chinapatsidwa Chinyanja, ndipo ndondomeko ya maphunziro imene inayamba mu 2014 inalamula kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha m'dera.

Motero mphunzitsi wa ku Chongwe akatsegula buku, amakumana ndi ziyankhulo zingapo nthawi imodzi. Mwana wina amayankhula Chisoli kunyumba. Wina anakula ndi Chinyanja cha mumzinda wa Lusaka, chimene chimati manje pamene buku likuti tsopano, vintu pamene buku likuti zinthu, nifuna pamene buku likuti ndifuna. Bukulo nalo linatsamira pa Chichewa cha kum'mawa. Mphunzitsi wotere ndiye wowerenga watcheru kuposa wina aliyense, pakuti tsamba limodzi amaliwerenga mokweza chaka ndi chaka pamaso pa ana. Akapeza cholakwa, kawirikawiri amachikonza ndi bolopeni m'buku lake, ndipo kukonzako kumathera m'kabati ya sukuluyo. Mnzake wa sukulu yoyandikana nayo amayambanso payekha kuchipeza, kapena amachiphunzitsa monga choona.

4.0 Magulu Atatu a Zimene Owerenga Anganene

Gulu loyamba ndi kuphonya kwa zilembo. Lembo la h likagwa, khola limasanduka kola, phala n'kukhala pala. Uyu ndiye tab wathu: kanthu kakang'ono m'maso, koma kosenza tanthauzo lonse. Kwa mwana wa giredi 1 amene akuphunzira kulumikiza liwu ndi lembo, kuphonya kotere kumagwetsa phunziro lenilenilo. Pano palibe mtsutso, ndipo mkonzi angotsimikiza ndi kukonza.

Gulu lachiwiri ndi kulakwa kwa mfundo kapena kusakwanira kwa malongosoledwe. Tiyerekeze kuti buku lanena kuti dzina loyamba ndi mu- limachulukitsidwa ndi a-, monga munthu, anthu. Mwana wolitsata mokhulupirika adzasokonezeka akafika pa mudzi, midzi, kapena munda, minda. Chimodzimodzinso buku lopereka mawu akuti mtengo popanda chiganizo lasiya wowerenga panjira, chifukwa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana m'kakwezedwe ka liwu, kamene kalembedwe kathu sikaonetsa. Apa tikufunika mtima wa olemba buku la GNU Make, wovomera kuti chosamveka ndi cholakwa cha buku, osati umbuli wa wowerenga.

Gulu lachitatu ndilo lovuta, ndipo ndi la zosiyana zimene zimaoneka ngati zolakwa. Kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro ku Zambia unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene Malawi amalemba ch, kotero ku Chongwe ndi ku Chipata mwana amaphunzira cinthu ndi nchito, pamene ku Mchinji amaphunzira chinthu ndi ntchito. Ku Malawi malamulo a kalembedwe anatuluka ku bungwe la Chichewa Board mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies, wa m'chaka cha 2000, umatsata njira ya ku Malawi. Mphunzitsi wa ku Chongwe amene watenga mtanthauziramawu umenewu adzapeza pafupifupi tsamba lililonse likutsutsana ndi buku la m'kalasi mwake, chonsecho palibe walakwa. Bungwe la CASAS la ku Cape Town linafalitsa kalembedwe kogwirizanitsa ziyankhulo za Malawi, Mozambique ndi Zambia mu 2001, koma mabuku a sukulu a mbali ziwiri za malire anapitirirabe kusiyana.

5.0 Pamene Fanizo Likuthera

Wolemba buku la make ali ndi woweruza wosakondera. Wowerenga akanena kuti chitsanzo cha patsamba lakutilakuti n'cholakwika, wolembayo amachiyesa pa kompyuta, ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo. Chiyankhulo chilibe makina otero. Wotsimikiza ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi kwawo. Akakhala wa ku Katete, mawu a mumzinda wa Lusaka angamumvekere ngati Chinyanja chowonongeka; akakhala wokulira mumzinda, mawu akale a m'buku angawayese chilema chofunika kuchotsa. Mndandanda wa zolakwa woyendetsedwa mosasamala ungasanduke chikwapu chokwapulira kayankhulidwe ka ana a ku Chongwe.

Nkhani ya Feldman ikutichenjezanso mbali ina. Chimene chazolowereka chimavuta kuchizula ngakhale mwini wake atachikana. Buku la sukulu limakhala zaka zambiri m'manja mwa ana, kotero cholakwa chosakonzedwa msanga chimakula pamodzi ndi owerenga ake mpaka iwo amadzachiteteza monga lamulo.

6.0 Mawu Omaliza

Tikupereka maganizo atatu. Choyamba, buku lililonse la Chinyanja lizinena poyera kalembedwe kamene latsata ndi chaka chake, komanso kumene wowerenga angatumize zimene wapeza. Chachiwiri, zonenedwazo zizigawidwa m'magulu atatu amene tafotokozawa, ndipo za gulu lachitatu zisatayidwe, zisungidwe monga umboni wa kayankhulidwe ka dera, wothandiza polemba mabuku a mphunzitsi ndi mitanthauziramawu. Chachitatu, zokonzedwa zizifika kwa aphunzitsi papepala, m'misonkhano yawo ya m'zoni, osadikira kusindikizanso buku.

Boma la Chongwe lili ndi poyambira. Ku Chalimbana, kumene aphunzitsi akhala akusulidwa kuyambira m'nthawi ya atsamunda ndipo tsopano kuli yunivesite, kumasonkhana anthu amene amagwira mabukuwa tsiku ndi tsiku. Ophunzira ake atamalemba zimene apeza pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, akatswiri a ziyankhulo n'kuziyesa, kenaka n'kuzipereka ku Curriculum Development Centre ku Lusaka ndi kwa osindikiza, zimene mphunzitsi mmodzi wakonza ndi bolopeni zikhoza kufikira makalasi onse a m'chigawochi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo buku la sukulu ndi denga limene wolemba yekha sangalisenze.