Kuwerenga Cithunzi: Nswala ya pa Loch Maree

Inu amene mwaphunzira kumene kuwerenga, dziwani kuti cithunzi naconso cimawerengedwa. Munthu wocita changu amangoti, "Ndaona nyama ndi madzi," napitirira. Koma wofatsa amafunsa kuti, Kodi kuwalaku kukucokera kuti? Nanga mtima wanga ukumva bwanji?

Tiyeni tiyese pa cithunzi cimodzi. Anacijambula ndi utoto Edwin Landseer, Mngelezi, m'caka ca 1842, nacicha dzina lakuti The Sanctuary, ndiko kunena kuti Pothawirapo. Mfumukazi Victoria anacipereka kwa mwamuna wace, Albert, ndipo cikali m'cuma ca banja lacifumu la ku Britain.

Malo ace ndi nyanja yochedwa Loch Maree, pakati pa mapiri a ku Scotland. Dzuwa lapendeka. Nyama yonga nswala, ya nyanga zanthambi, yasambira kuthawa alenje, ndipo ikubvuuka pa kacisumbu, madzi ali cucucu pa thupi pace. Abakha a m'chire adzidzimuka, nauluka kucoka m'bango. Pambuyo pace patsala mzere pa madzi, wosonyeza njira imene yadzera.

Poyamba yang'anani kuwala. Mmisiriyu anaika dzuwa kutsidya, kuseri kwa mapiri, kotero kuti thambo ndi madzi ziri mbee, koma nswalayo iri bii ngati mthunzi. Cifukwa ca ici diso lathu silichedwa ndi kuwerenga ubweya. Liona msana wakugwa ndi miyendo yolema, ndipo pomwepo tidziwa kuti nyamayi yatopa kufikira imfa.

Kaciwiri, funsani cimene mulibe m'cithunzimo. Mulibe mlenje, mulibe garu, mulibe mfuti. Wojambula wacabe akadationetsa zonsezi kuti ticite mantha. Landseer anangotisiyira mzere uja wa pa madzi, ndipo mzerewo ndiwo usimba za liwiro ndi mantha a tsiku lonse. Posacedwa madzi adzaufafaniza, ndipo agaru sadzapeza pfungo. Apa ndipo pali luso lace lalikuru.

Koma kodi cithunzici ncokondweretsa kapena ncomvetsa cisoni? Ine ndiyesa ziri zonse ziwiri. Kufiira kwa madzulo kuti kwa nyamayo, "Pumula." Komanso tonse tidziwa kuti dzuwa likalowa kudza mdima ndi cisanu, ndipo m'mawa alenje angabwerenso. Landseer mwini anali wosaka nyama zoterezi, ndipo m'caka ca 1840 anadwala nthenda ya maganizo imene inamsautsa kufikira imfa yace mu 1873. Ndiganiza kuti munthu wotere anadziwa mtengo wace wa mpumulo wa usiku umodzi.

Ena amdzudzula kuti anali kupatsa nyama mtima wa munthu, kuti oona alire msanga. Pa zithunzi zina za agaru mau awa ngoona. Koma pano ai, pakuti nkhope ya nswala siioneka bwino konse. Cisoni tikucimvaco cacokera ku madzi, ku thambo ndi ku mthunzi.

Tsono mukapeza cithunzi m'buku, musafulumire kutembenuza tsamba. Pezani kumene kuli dzuwa, funsani nthawi yace ya tsiku, ndipo muone cimene mmisiri wabisa dala. Madzulo ano imani panja dzuwa likamalowa, muone m'mene ng'ombe zobwera kubusa zisandukira mithunzi.