Mzati Uyambire Pansi: Luso Lojambula Ziwerengero za Fodya wa ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsekedwa ku Chinkhoma, ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ntchito ya chaka chonse imakalowa m'malipoti. Kuthirira nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera ndi mvula yoyamba, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi ndi kudinda mabelo pa jeke, zonsezi zimafinyidwa n'kukhala mizati isanu kapena khumi pa tsamba limodzi. Chithunzi chimenechi, chomwe pa Chingerezi amati bar chart ndipo ife tichitcha galafu ya mizati, ndicho chimafika kwa nduna, kwa phungu, kwa akuluakulu a banki yokongoza alimi ndi kwa mtolankhani, anthu amene ambiri mwa iwo sakhala ndi nthawi yotsegula tebulo la manambala. Lero munthu wodziwa mapulogalamu a pakompyuta monga R kapena Stata amachijambula ndi mzere umodzi wa malamulo, ndipo kuphweka kumeneku n'kumene kwachititsa kuti ambiri asachiwerengere ngati luso. Koma ndi luso ndithu, ndipo lagona pa mfundo imodzi. Mzati ulibe pakamwa pena kupatula kutalika kwake. Chilichonse chimene wojambula asintha, ngakhalenso chimene wasiya kuti pulogalamu imusankhire, tichiweruze pofunsa ngati kutalikako kukunenabe zoona za fodya amene mlimi adanyamula kupita naye kumsika.

Galafu yamtunduwu idabadwira m'nkhani za malonda. William Playfair, wa ku Scotland, adaisindikiza mu 1786 m'buku lake la The Commercial and Political Atlas, posonyeza katundu amene dziko lake lidagula ndi kugulitsa kumaiko 17 m'chaka chimodzi. Adaijambula chifukwa analibe ziwerengero za zaka zambiri zoti alembe nazo mzere monga adachitira m'masamba ena. Chimene adali nacho ndi milu ya katundu yosiyana kukula, ndipo mzati udagwira bwino ntchitoyo chifukwa mulu umayambira pansi n'kumakwera. Mpaka pano malo oyenera mzati ndi omwewo: zinthu zimene zimaunjikika. Makilogalamu a fodya, mabelo olowa pa okushoni tsiku lililonse, mahekitala olembetsedwa, alimi amene ali m'makalabu, zonsezi ukaziphatikiza zimachuluka, ndipo mzati wotalika kawiri umatanthauza katundu wochuluka kawiri.

Pachifukwa chimenechi mzati uyenera kuyambira pa ziro. Mlimi aliyense wa ku Santhe kapena ku Chamama amadziwa kuti asanakoleke fodya pa sikelo ya venda ayambe waona pamene muvi waima. Sikelo yosayambira pa ziro ndi yakuba ngakhale manambala ake atalembedwa mooneka bwino. Tiyerekeze kuti boma lina lagulitsa fodya pa madola 2.00 pa kilogalamu ndipo lina pa 2.20. Wojambula akadula muyeso kuti uyambire pa 1.90, mzati woyamba utalika magawo 10 pamene wachiwiri utalika magawo 30, ndipo diso liona kuti boma lachiwiri lapindula katatu, pomwe kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene adalemba mapulogalamuwa ankaidziwa ngozi imeneyi. Lamulo la graph bar mu Stata limaika ziro nthawi zonse pokhapokha munthu alembe dala mawu akuti exclude0. Mu ggplot2, chida chojambulira cha mu R, munthu akaika malire a muyeso osaphatikiza ziro, mizati imasowa pachithunzi ndipo pamabwera chenjezo. Wofuna kudula amachita kulambalala podzera pa coord_cartesian. Lamulo lakale la barplot mu R nalo limatulutsa mizati yosefukira kunsi kwa chithunzi. Mzati wodulidwa, tsono, kawirikawiri umakhala kuti wina wachita kuulimbanira, ndipo ameneyo ndiye woyenera kufunsidwa.

Pali otsutsa amene ali ndi mfundo yomveka. Amati pa fodya masenti 20 si nkhani yaing'ono: kwa mlimi wa matani awiri ndi madola 400, ndalama zimene zingasiyanitse wobweza ngongole ya feteleza ndi wotsala m'ngongole. Mizati ikayambira pa ziro, kusiyana kumeneku kumaoneka ngati kulibe. Zimenezi n'zoona, koma zikungosonyeza kuti mtengo si katundu woyenera mzati. Mtengo suunjikika, kuphatikiza mtengo wa Lolemba ndi wa Lachiwiri sikupereka chilichonse chanzeru. Wofuna kuonetsa kusuntha kwa masenti ajambule kadontho pa boma lililonse kapena mzere woyenda ndi masabata a msika, chifukwa kadontho kamalankhula ndi malo amene kaima, ndipo muyeso wake ungayambire pamene nkhani ili popanda kunamiza wina aliyense. Mu ggplot2 kusinthaku n'kungochotsa geom_col n'kuikapo geom_point. Wodziwa ntchito yake amazindikira nthawi yoika mzati pambali.

Nkhani ya mtengo ndi yofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa m'pamene galafu zambiri za fodya zimasocheretsa anthu popanda kudula chilichonse. Munthu akalemba graph bar mu Stata n'kutchula mtengo ndi boma, pulogalamuyo siifunsa kanthu. Imawerengera yokha avereji n'kuimika mizati yosalala bwino. Avereji imeneyo imatenga mzere uliwonse wa m'tebulo ngati wolemera mofanana ndi unzake. Ngati mzere wina uli wa makilogalamu 100 ogulidwa pa madola 3.00 ndipo wina wa makilogalamu 900 ogulidwa pa 1.50, mzati uima pa 2.25, pamene ndalama zenizeni zogawidwa ndi makilogalamu onse zikupereka 1.65. Kuti zikhale bwino, wojambula ayenera kuuza pulogalamu kuti iyeze mtengo uliwonse molingana ndi kulemera kwa fodyayo. Ngakhale atatero, mzati umodziwo umameza magiredi onse, a masamba apansi ndi apamwamba, fodya wa esiteti yokhala ndi zigafa zabwino ndi wa mlimi amene mvula idamudontheza. Mabelo obwezedwa, amene m'nyengo zina adakhala akuliritsa alimi a pa okushoni, sakhalamo konse chifukwa alibe mtengo. Ndalama zodulidwa za thiransipoti, za msika, za mabungwe ndi za ngongole ya zipangizo nazo zili kunja, ndipo tenanti, amene amalandira kwa mwini esiteti osati kumsika, mzatiwo sukumudziwa n'komwe. Mu 2015 Tracey Weissgerber ndi anzake adasonyeza m'magazini ya PLOS Biology kuti ziwerengero zobalalika mosiyana kotheratu zikhoza kupereka mizati yofanana ndendende. Mankhwala ake ndi kuonetsa kubalalikako: madontho a mabelo kapena a alimi pa giredi iliyonse, kapena mizati yowerenga kuti ndi makilogalamu angati adagulidwa pansi pa dola imodzi, angati pakati pa imodzi ndi awiri, n'kumakwera choncho. Apo mzati wabwerera pa ntchito yake yowerenga mulu.

Mbiri ya msika wathu ili ndi umboni wokwanira. Mu 2011 dziko lino lidagulitsa fodya woposa makilogalamu 230 miliyoni pa mitengo yogwetsa ulesi, alimi ambiri n'kutaya mtima, ndipo mu 2012 fodya wofika kumsika adali pafupifupi makilogalamu 80 miliyoni okha. Mitengo idakwera kwambiri, koma madola onse olowa m'dziko adatsika. Galafu ya mtengo yokha ionetsa 2012 ngati chaka cha mwanaalirenji. Ya makilogalamu yokha ionetsa ngati chaka cha tsoka. Wojambula wosamala amaika zithunzi zitatu zing'onozing'ono motsatana, cha makilogalamu, cha mtengo ndi cha ndalama zonse, zaka zake zitayang'anizana, kuti wowerenga aone yekha mmene chimodzi chidakokera chinzake. Njira yofala younjika mizati ndi mzere pachithunzi chimodzi, muyeso wina kumanzere wina kumanja, imapatsa wojambula mphamvu yokumanitsa kapena kulekanitsa ziwirizo mmene wafunira, ndipo ggplot2 idapangidwa mosalimbikitsa mchitidwe umenewu.

Dongosolo la mizati ndi nkhani yooneka yaing'ono imene pulogalamu imailakwitsa tsiku ndi tsiku. R ikapeza mayina, imawandandalika motsata alifabeti. Madera a zaulimi a ku Kasungu amatuluka chonchi: Chamama, Chipala, Chulu, Kaluluma, Lisasadzi, Santhe, ndipo mndandanda umenewu sunena kanthu za fodya. Lamulo la reorder limawaika kuyambira wokolola kwambiri mpaka wochepa, ndipo funso limene wowerenga adabwera nalo limayankhidwa asanawerenge nambala. Pa miyezi ya msika vuto limakula: Epulo, Julayi, Juni, Meyi, Ogasiti, nyengo ikuyenda chammbuyo pakati pa tsamba, mpaka wojambula atauza pulogalamu yekha mndandanda woyenera. Mayina athu ndi aatalinso. Lamulo la barplot likaona kuti mayina apanikizana limangosiya ena osawalemba, ndipo dera lathunthu limakhala ndi mzati wopanda dzina. Kupendeketsa zilembo kumapweteka khosi la wowerenga. Kugoneka mizati chopingasa, ndi horiz mu barplot kapena graph hbar mu Stata, kumapatsa dzina lililonse mzere wakewake.

Kusanjikiza magawo mu mzati umodzi n'kumene R imachita yokha ikapatsidwa magulu angapo, ndipo pa fodya wathu sikuyenda bwino. Fodya wa bale ndiye wochuluka koposa, makamaka chiyambire zaka za m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adaloledwa kumulima. Akakhala pansi, wa flue-cured, amene Kasungu idadziwika naye kuyambira masiku a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, pamodzi ndi wa chikopa amakhala timizere tating'ono toyandama pamwamba, chaka chilichonse poyambira pena. William Cleveland ndi Robert McGill adasonyeza mu 1984 kuti anthu amayerekeza molondola zinthu zoyambira pa mzere umodzi kuposa zidutswa zopanda poyambira pamodzi. Wofuna kudziwa ngati fodya wa flue-cured akukwera kapena kutsika apatsidwe chithunzi chakechake, chimene facet_wrap imapanga mosavuta. Kusanjikiza kuli ndi malo ake pamene magawo ali awiri okha. Chiyambire 2012 pamene boma lidavomereza ulimi wa kontirakiti pansi pa Integrated Production System, funso la gawo la kontirakiti ndi la okushoni limajambulika bwino ndi mizati yofika pa 100 peresenti, bola pamwamba pa uliwonse palembedwe makilogalamu ake, chifukwa mizati yotere imafananitsa chaka cha fodya wambiri ndi cha fodya wochepa.

Pa mitundu ya utoto, wojambula akumbukire kumene chithunzi chake chikathere. Lipoti lolembedwa ku Lilongwe limafika ku ofesi ya zaulimi litadutsa pa fotokope yakuda ndi yoyera, kapena ngati kachithunzi ka pa WhatsApp m'foni ya mlangizi. Kufiira ndi kubiriwira zimasanduka phulusa lofanana pa pepala lotere, ndipo pali anthu ena amene maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi ngakhale pa kompyuta. Mizati yonse yotuwa, umodzi wokha wa Kasungu wakuda bii, imapirira fotokope ndipo imaloza pamene nkhani ili. Mizati yonenepa ngati mabokosi, imene Edward Tufte adaidzudzula pamodzi ndi zokometsera zina m'buku lake la 1983, imasokoneza pamene mzati wathera. Chofunika kuposa utoto ndi kulemba muyeso. Fodya amagulidwa m'madola, mlimi amagula feteleza m'makwacha, ndipo kwacha idagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, mu Meyi 2022, komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mizati ya makwacha yodutsa zaka zimenezi imakwera ngati makwerero ngakhale mlimi asanawonjezere thumba limodzi la feteleza limene angathe kugula.

Ena angati kusinthasintha konseku ndiko khomo la chinyengo, ndipo n'kwabwino kusiya pulogalamu ijambule yokha popeza ilibe mbali. Koma zimene pulogalamu imachita yokha adazisankhanso ndi anthu. R adaiyamba Ross Ihaka ndi Robert Gentleman ku University of Auckland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ggplot2 adailemba Hadley Wickham potsata maganizo a m'buku la Leland Wilkinson la 1999. Anthuwa adasankha zoyenera ntchito zambiri padziko lonse, osati msika wa Chinkhoma, ndipo alifabeti, avereji yosayezedwa ndi magawo osanjikizana zimapotoza nkhani ya fodya mofanana ndi mmene wachinyengo angaipotozere. Chimene chimateteza wowerenga ndi chakuti galafu yojambulidwa ndi malamulo olembedwa imasiya mapazi. Mzere uliwonse umene udachotsa mabelo obwezedwa, kudula muyeso kapena kuphatikiza magiredi umakhala pa fayilo, ndipo katswiri wa ku Tobacco Commission, wa ku ARET, wa ku TAMA kapena wophunzira wa ku Bunda angauwerenge, kuutsutsa ndi kuuyendetsanso pa ziwerengero za chaka chamawa. Galafu yokokedwa ndi mbewa ya kompyuta siisiya umboni wotere. Popeza R ndi yaulere pamene Stata ndi SPSS zimalipiridwa ndi ndalama zakunja, ofesi ya boma kapena bungwe la alimi lingathe kufika pa muyeso umenewu popanda kupempha madola.

Chotsutsa chomaliza n'chakuti mlimi wa ku Chulu sawerenga galafu, ndiye zonsezi n'za anthu a m'maofesi. Galafuyo angakhale asaione, koma zimene zimagamulidwa poiyang'ana zimamufika pakhomo: makilogalamu amene aloledwa kulembetsa, mitengo yoyambira imene boma ndi ogula amagwirizana msika usanatsegulidwe, ndi ngongole imene banki ivomera kapena kukana. Atsogoleri a makalabu amene amakhala nawo m'misonkhano yotere amadziwa masamu a fodya kuposa ambiri mwa ojambula, ndipo akapatsidwa chithunzi chokhala ndi mutu wa Chichewa wonena chimene chapezeka, manambala olembedwa kumapeto kwa mzati uliwonse, ndi mzere wapansi wofotokoza gwero la ziwerengero, sabata ya msika imene zidalekezera komanso ngati mabelo obwezedwa awerengedwa, angathe kuchiyerekeza ndi mapepala a malonda a mamembala awo n'kunena pamsonkhano pomwepo ngati mzati wa dera lawo wafupika kapena watalika mopitirira.