Magetsi kapena nyesi? Za mawu ofotokozera mphamvu ya m'maselo a thupi

Alembi a nkhani za sayansi m'Chichewa ali ndi chizolowezi chimodzi chofunika kuchiunika. Paliponse pamene Chingerezi chatchula electricity, iwo amalembapo magetsi. Pa nkhani ya mababu ndi zigayo palibe cholakwa. Vuto limadza pamene mawu omwewa awasenzetsa ntchito yofotokoza zochitika m'thupi la munthu, monga m'nkhani za kachipangizo koyesera mankhwala pa maselo a mtima.

Kachipangizoka ndi kambale kagalasi kokhala ndi timadontho tachitsulo, kawirikawiri 60, kalikonse kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Akatswiri amalera maselo a mtima pamwamba pake kufikira atayamba kugunda pamodzi. Selo likamagunda, michere ya sodiyamu, potaziyamu ndi kashiyamu imalowa ndi kutuluka kudzera m'timipata ta pakhungu lake, ndipo kayendedwe kameneka kamabala mphamvu imene timadontho tija timamva ndi kuitumiza ku kompyuta. Akathirapo mankhwala atsopano amaona ngati kugundako kwasokonezeka. Njirayi anaiyamba C. A. Thomas ndi anzake ku America mu 1972, pa maselo a mtima wa mwanapiye wa m'dzira. Lero amagwiritsanso ntchito maselo a munthu okonzedwa m'njira imene Shinya Yamanaka wa ku Japan anatulukira mu 2006 ndi 2007.

Nkhaniyi si ya azungu okha. Kwinini ndi kolokwini, amene anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anamwa zaka zambiri polimbana ndi malungo, amatha kuchedwetsa mtima kubwerera m'chimake ukagunda. Mu 1993 madokotala anaonetsa kuti halofantrine, mankhwala enanso a malungo, amachita zimenezi moopsa. Bedaquiline, amene amapatsidwa kwa odwala chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, naye amafuna kuti mtima uzipimidwa. Tsono mphunzitsi kapena mkonzi wofotokoza zimenezi ayenera kumveka.

Kodi amamveka akalemba kuti maselo a mtima ali ndi magetsi? Mwana wa sukulu wa ku Chikwawa magetsi amawadziwa bwino. Amachokera pa Kapichira, pamene madzi a Shire amazunguza makina. Siteshoniyo inayamba ntchito mu 2000, ndipo itakuzidwa inafika pa mamegawati pafupifupi 130. Namondwe Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022 dziko lonse linalawa mdima, kufikira makinawo atabwerera pa ntchito mu 2023. Kwa mwanayu magetsi ndi chinthu cha mawaya ndi mapolo, chogula, choyaka ndi kuzima. Mawu akuti getsi paokha amaloza nyale. Kumuuza kuti mumtima mwake muli magetsi ndi kumupatsa chithunzi cholakwika kawiri: adzafunafuna kumene akuchokera, pamene selo limapanga lokha mphamvuyo ndi michere, adzaiyesanso yaikulu, pamene pakhungu la selo la mtima siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya batire la tochi.

Chodabwitsa nchakuti mawu oyenera ali pomwepo, kunsi kwa mathithi a Kapichira. M'madzi a m'chigwa cha Shire muli nsomba yopanda mamba, yandevu ngati mlamba, imene asodzi amaopa kuigwira ndi manja. Dzina lake ndi nyesi. Akatswiri amaitcha Malapterurus shirensis, dzina limene T. R. Roberts anaipatsa mu 2000 potengera mtsinje womwewu. Mphamvu imene nsombayi imanjenjemeretsa nayo mkono wa msodzi imachokera m'maselo ake, ndipo imapangika ndi kuyenda kwa michere monga zimachitikira mumtima wa munthu. Kusiyana nkwakuti m'nsombamo maselo ochuluka amatulutsa mphamvu yawo nthawi imodzi. Makolo anali nawo mawuwa waya woyamba asanamangidwe m'dziko muno, ndipo eni chinenero anawakuza okha popanda bungwe lowauza: wokhudza waya wosakutira amati wagwidwa ndi nyesi. Apa zikuoneka kuti Chichewa chinasiyanitsa kale mphamvu yeniyeniyo, imene ndi nyesi, ndi ntchito yake ya m'nyumba, imene ndi magetsi. Alembi ndiwo akufafaniza malirewo chifukwa cha changu chomasulira liwu ndi liwu.

Otsutsa adzati kwa anthu a m'tauni nyesi ndi chinthu chopweteka, choncho nyesi ya mumtima idzaopsa owerenga. Mfundoyi ili ndi mutu. Komabe chiganizo chimodzi chonena za kuchepa kwa mphamvuyo chimachotsa manthawo, pamene chithunzi cha mapolo ndi mababu sichichoka msanga m'maganizo a mwana.

Pali tina tofunika kukonza m'nkhani zomwezi. Aneni akuti kuyeza ndi kuyesa amasokonezedwa kwambiri, chonsecho apa onse awiri ali ndi ntchito yawoyawo: kachipangizo kamayeza nyesi, akatswiri amayesa mankhwala. Mkonzi wosintha z kukhala s wasintha tanthauzo. Liwu lakuti chip lisalembedwe tchipi kapena tchipisi, pakuti owerenga adzaganiza za kutsika mtengo kapena za mbatata yokazinga pachiwaya. Kambale koyezera nyesi nkokwanira. Nalo dzina lakuti selo likuyenda m'magulu awiri, ena akulemba selo ya mtima, ena selo la mtima. Popeza kuchulukitsa kwake ndi maselo, gulu la Li-Ma ndilo loyenera, ndipo wolemba buku la sukulu asunge mgwirizano umodzi kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza.