Mlongo Wodwala Maso: Mbali Yobisika ya Mpangankhani m'Nthano ya Mtsikana Wokwatiwa ndi Fisi

Mawu otsogolera

Pa mayeso a MSCE ophunzira ambiri akafunsidwa kufotokoza khalidwe la mpangankhani amangolemba kuti "adali woipa mtima" kapena "adali wodzikonda", n'kulekera pomwepo. Yankho lotere limapata malikisi ochepa chifukwa silifika pa chimene chikumuyendetsa mpangankhaniyo. Kawirikawiri chimene chimayendetsa munthu ndi chinthu chomwe iye mwini safuna kuchiona mwa iye. M'mutu uno tiunika mfundoyi pogwiritsa ntchito nthano yodziwika pakati pa Anyanja ndi Amang'anja, ya mtsikana amene adakwatiwa ndi fisi. Alice Werner, yemwe adafika ku Blantyre m'chaka cha 1893, adailemba m'buku lake lotchedwa Myths and Legends of the Bantu la 1933. Okamba nthanoyi amasiyana pa zina ndi zina, koma msana wake ndi umodzi.

Tsatanetsatane wa nthano

Padali mtsikana wokongola amene ankakana mnyamata aliyense wa m'mudzi mwawo. Tsiku lina kudabwera mlendo wooneka bwino ndipo mtsikanayo adamulola. Ukwati utachitika, mwamunayo adatenga mkazi wake kupita naye kwawo. Mlongo wake wamng'ono wa mtsikanayo, yemwe ankadwala maso, adawatsatira. Mtsikanayo adamubweza kangapo poopa kuti akamuchititsa manyazi kuchipongozi, koma mwanayo adakakamira. Atafika adamugoneka m'khola la nkhuku. Usiku mwanayo adaona afisi atazungulira nyumba, akuimba kuti adzamudya mkaziyo akanenepa. Kutacha adamuuza mlongo wake, koma iye adangomukalipira. Usiku wotsatira mwanayo adamanga chingwe kuchala chakuphazi cha mlongo wakeyo, ndipo afisi atabwera adachikoka. Mtsikanayo adadzuka n'kudzimvera yekha. Kenaka mwanayo adabwereka nsompho kwa mlamu wake, adasema nguli yaikulu, ndipo awiriwo adauluka nayo kubwerera kwawo.

Chithunzithunzi cha munthu

Carl Gustav Jung (1875-1961), katswiri wa za maganizo a anthu wa ku Switzerland, adaphunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi mbali imene amaonetsa pagulu ndi ina imene adaikankhira kumdima chifukwa cha manyazi, mantha kapena chilango cha paubwana. Mbali yachiwiriyi adaitcha chithunzithunzi, popeza imatsatira munthu kulikonse ngakhale aifulatire. Pali mfundo ziwiri za Jung zofunika pa nthano yathuyi. Yoyamba ndi yakuti chimene tikukana mwa ife eni timakonda kuchiona ndi kuchinyoza mwa anzathu. Makolo adadziwa kale zimenezi pomwe adati anyani sasekana zikundu. Yachiwiri ndi yakuti si zonse zili m'chithunzithunzi zomwe ndi zoipa. Mumakhalanso luso ndi nzeru zimene munthu adazitaya chifukwa zidabwera m'chovala chochititsa manyazi.

Obisa awiri

Wophunzira wofulumira amaona kuti wobisa m'nthanoyi ndi fisi yekha: masana ndi munthu, usiku ndi chilombo. Izi n'zoona, ndipo mwambi woti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere ukugwirizana naye. Koma fisi akudziwa bwino chimene akubisa. Uku ndi kubisa mwadala, kumene munthu angachite pofuna kupweteka ena kapenanso pofuna kudziteteza. Chitsanzo cha kudziteteza ndi mlakatuli Jack Mapanje, wobadwira kwa Kadango ku Mangochi m'chaka cha 1944. M'buku lake la Of Chameleons and Gods la 1981 adaphimba zodzudzula zake m'zining'a ngati birimankhwe poopa ulamuliro wa nthawiyo, ngakhale adamangidwabe ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Kubisa kwa mtsikana n'kwa mtundu wina. Iye akudzibisira yekha. Taonani zimene akukana: anyamata a m'mudzi mwake, kenaka mlongo wake weniweni. Onsewa akumukumbutsa komwe adachokera, kuti nayenso ndi mwana wa mudzi womwewo, wa magazi omwewo a mwana wa manthongo uja. Safuna kuti anthu a kwa mwamuna wake aone zimenezi, ndipo iye mwini safuna kuziona. Choncho mlongo wodwala masoyo ndi chizindikiro cha chithunzithunzi cha mtsikanayo. Amamubweza koma amatsatirabe. Amamutsekera m'khola, kunja kwa nyumba, monga momwe munthu amatsekera kunja kwa maganizo ake chinthu chomuchititsa manyazi.

Wodwala maso ndiye aona

Apa ndi pamene pagona luso la nthanoyi. Mtsikana ali ndi maso abwino koma saona kuti wakwatiwa ndi fisi. Mwana wodwala maso ndiye akuona. Komanso akuona chifukwa cha malo onyozeka omwe amuika. Akadagona pamphasa yabwino m'nyumba, akadagona tulo ngati mlongo wake. Khola la nkhuku, lomwe lidali chitonzo, lasanduka malo oonera zoona. Nthanoyi ikutsimikiza mwambi woti wamisala adaona nkhondo.

Chingwe chakuchala nachonso ndi chizindikiro. Mawu okha sadathandize, pakuti mtsikanayo adawakana. Padafunika kuti alole kulumikizidwa ndi iye amene ankamunyoza, ndi kudzutsidwa pakati pa usiku, nthawi yomwe zobisika zimatuluka. Apa ndiye pampondachimera pa nthano. Kusintha kwa mtsikanayo kukuyamba pomwe wamva ndi makutu ake chimene ankachikana. Zindikiraninso kuti fisi sadaphedwe. Nthanoyi ilibe nazo ntchito zogonjetsa chilombo. Chipulumutso chabwera pamene mtsikana wavomera mlongo wake n'kukwera naye nguli imodzi.

Chikhalidwe cha kunyanja

Pakati pa Anyanja ndi Ayao a kumwera kwa nyanja ya Malawi mwambo wodziwika ndi wa chikamwini: mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, kumene ankhoswe ndi alongo a mkaziyo amaona khalidwe lake tsiku ndi tsiku. Mlongo wa mkazi ndiye amadzakhala mwini mbumba, woyang'anira iye ndi ana ake. Omvera a kuderali amazindikira msanga kuti mtsikana pobweza mlongo wake akukana yemwe mwambo udamuika kukhala mtetezi wake, ndipo polola kutengedwa ndi mlendo wosadziwika kwawo akuchoka pamaso pa onse omudziwa bwino.

Lero nthanoyi imakambidwa pochenjeza atsikana osiya sukulu chifukwa chokopeka ndi katundu wa anyamata obwera kuchokera ku Joni, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Chenjezoli n'loyenera, koma musalekere pa mfundo yoti "tichenjere ndi alendo". Alendo ambiri si afisi. Funso lozama ndi lakuti: n'chiyani mwa mtsikanayo chidamutseka maso? Yankho ndi manyazi a kwawo.

Kudzifufuza

Nthano ndi kalilole. Mukamaliza kuwerenga, tengani kope lanu la inu nokha ndipo muyankhe moona mtima. Ndani m'kalasi mwanu amene amakunyansani kuposa momwe adakulakwirani, ndipo ali ndi chiyani chofanana ndi inu? N'chiyani cha kwanu chimene mumabisa kwa anzanu? Wina wochokera ku Makanjira kapena ku Malindi amaleka kulankhula Chiyao akafika kusukulu yogonera komweko, n'kuyamba kuseka katchulidwe ka mnzake watsopano. Wina wa ku Monkey Bay safuna kuti zidziwike kuti fizi yake imachokera ku usipa womwe mayi ake amayanika pathandala. Komatu chilankhulo chachiwiricho ndi chuma, ndipo kupirira kwa panyanja ndi komwe kungamuthandize pa mayeso. Kuvomera mbali yobisika sikutanthauza kuchita chilichonse chomwe mtima wafuna. Munthu wovomera kuti ali ndi nsanje amatha kuigwira, pamene woikana imamulamulira iye osadziwa. Ngati pofufuzapo mwakumbuka zinthu zolemera, monga nkhanza zimene mudachitiridwa, musasenze nokha. Kambiranani ndi mphunzitsi kapena wamkulu amene mumamukhulupirira.

Poyankha mayeso

Pofotokoza mpangankhani aliyense, kaya wa m'nthano, m'sewero kapena m'nkhani yaitali, tchulani khalidwe lake, perekani umboni wochokera m'nkhanimo, kenaka sonyezani chimene akuopa kapena kubisa. Mwachitsanzo: "Mtsikanayu ndi wonyada. Akubweza mlongo wake wodwala maso chifukwa akuchita manyazi ndi kwawo, ndipo manyaziwa ndi amene akumulepheretsa kumva chenjezo."

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa kubisa kwa fisi ndi kubisa kwa mtsikana.
2. Kodi khola la nkhuku ndi chingwe zikuimira chiyani m'nthanoyi?
3. Perekani mfundo ziwiri zosonyeza kuti mwambi woti wamisala adaona nkhondo ukugwirizana ndi nthanoyi.
4. Funsani agogo kapena wamkulu wa kwanu momwe amakambira nthanoyi. Lembani zomwe zasiyana ndi zimene mwawerenga pano, ndipo fotokozani ngati kusiyanako kwasintha phunziro lake.
5. Sankhani mpangankhani mmodzi m'buku limene mukuwerenga chaka chino ndipo fotokozani mbali yake yomwe safuna kuivomera.