Buku Lothera Pomwe Mlandu Ukuyambira

Sabata yatha ndinawerenganso buku la Ishmael Beah, A Long Way Gone, lomwe linatuluka mu 2007. Beah anagwira mfuti m'gulu la asilikali a boma la Sierra Leone ali ndi zaka 13, mpaka a UNICEF anamuchotsako mu 1996. Amalemba mosabisa: mankhwala ozunguza bongo, mafilimu a Rambo, kupha ngati masewera. Apo ndilibe naye chifukwa.

Koma bukuli limatinyengerera. Mnyamata wapulumuka, owerenga tapukuta misozi, basi. Nanga a UNICEF aja akadapanda kubwera?

Taonani Dominic Ongwen. Zigawenga za LRA ku Uganda zinamugwira ali mwana, akupita kusukulu. Anakulira m'tchire mpaka kukhala mtsogoleri wa nkhondo. Mu 2021 khoti la ICC ku The Hague linamugamula zaka 25, ndipo umodzi mwa milandu yake unali wolowetsa usilikali ana osakwana zaka 15, zomwe anamuchita iye mwini. Khotilo siliweruza zomwe munthu anachita asanakwane zaka 18. Ukangodutsa apo, ubwana wako wobedwa sukuombola.

Tsamba limenelo mwa Beah mulibe. Komatu ifenso olemba a kuno tisaloze chala. Renamo inkagwira ana kuseri kwa malire athuwa, othawa nkhondo pafupifupi miliyoni anakhala nafe ku Nsanje, Dedza ndi kwina, ndipo chikhululukiro cha ku Mozambique cha 1992 chinatseka milandu yonse. Ine pano ku Namiwawa ndalakatula za chikondi ndi mvula. Za anawo, ngakhale mzere umodzi sindinalembe.