Njerwa za Pajitnov

Mu 1984, ku Moscow, Alexey Pajitnov anapanga masewera a Tetris pa kompyuta ya Elektronika 60, imene sinkatha n'komwe kujambula zithunzi. Njerwa za m'masewerawa anaziumba ndi zizindikiro za pa kiyibodi basi. Luso lake lagona apa: mitundu 7 yokha ya njerwa, iliyonse ya timabokosi tinayi, kumagwa mosalekeza. Mzere ukadzaza umafufutika. Pamene unaphonya ndi pomwe pamatsala, n'kumakuunjikira mpaka pamwamba.

Masewerawa anasamukira pa IBM PC, mu 1989 pa Game Boy ya Nintendo, lero ali m'mafoni. Makina asintha kangapo, koma maziko a masewerawa sanafunike kukonzedwa. Pajitnov anayamba kudyerera thukuta lake mu 1996, poti poyamba umwini unali m'manja mwa boma la Soviet Union.